Ndege imayambira pansi: mbiri ya bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi

Kwathu ku Nachisaka, dzuwa likamayandikira paliwombo, kumwamba kumamveka mkokomo. Nthawi ya chilimwe ndegeyo imaoneka, kanthu koyera kakung'anima pamwamba pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi. M'dzinja imangomveka m'mitambo ngati bingu lakutali. Amene ali kumunda saweramuka n'komwe, amangodziwa kuti ya ku Lumbadzi yafika ndipo nthawi yoweruka yayandikira. Ana okha ndiwo amatuluka pabwalo, kuloza ndi zala, kukuwa mpaka ndegeyo itabisika kuseri kwa phiri.

Bwalo la ndege lalikulu kuposa onse m'dziko muno lili pafupi nafe chotere, koma m'mudzi mwathu amene anakwerapo ndege ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuluakulu amene anatisiya kale. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Analembedwa ndi Wenela, bungwe limene linkatola anthu opita kumigodi ya ku Joni. Ulendo wawo unali wa pandege kuchoka kuno kukatera ku Francistown, m'dziko la Botswana, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Ankatisimbira kuti m'ndegemo munali phokoso loti mnzako wapambali akamalankhula umangoona pakamwa pakugwedezeka. Tikawafunsa kuti, “Agogo, simunkaopa?” iwo ankati woyendetsa sankamukayikira, chifukwa naye moyo wake unali momwemo. Mtima wawo unkakhala pa anthu otsala pansi, amene amamanga zomangira, kuthira mafuta, kenako n'kupita kwawo kukadya nsima.

Mawu amenewa ndinawamvetsa nditakula. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka pa Francistown itanyamula anthu obwerera kwawo kuno kuchokera kumigodi. Itangonyamuka mainjini anayamba kuvuta, ndipo inagwa isanapite patali. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa m'ndegemo anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za mtundu wina. Ngoziyo inaoneka mumlengalenga, koma inaphikidwa pansi, pa thanki. Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu kuno, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali kumigodi anayamba kubwerera kumudzi. Patapita zaka zingapo ulendo wa ku Joni unayambiranso, tsopano ndi dzina la Theba, koma sunafikenso pa chiwerengero chakale.

N'chifukwa chake ine sindingathe kufotokoza mbiri ya bwalo la ndege la Kamuzu popanda makampani a ndege amene amateramo, kapena mbiri ya makampaniwo popanda bwalo. Awiriwa ali ngati banja. Wina ali ndi khomo, wina amayenda maulendo, ndipo ulendo ukakoma kapena ukaipa onse awiri amakhudzidwa. Ndikayang'ana zaka zonse kuchokera pa ufulu, vuto lathu lalikulu ndi lakuti awiriwa sanakulire limodzi. Pamene tinali ndi ndege yotifikitsa ku Ulaya, bwalo loyenera tinalibe. Pamene bwalo linatha kumangidwa, ndegeyo inali itaima.

Poyamba khomo la dziko lino linali Chileka, kunja kwa Blantyre. Ndi pa Chileka pamene Dr Banda anatera pa 6 Julayi 1958 pobwerera kwawo atakhala kunja zaka zambiri. Masiku amenewo ndege zonyamula anthu zinali za Central African Airways, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1946 kuti itumikire Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, likulu lake lili ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Chitaganya chitatha, kampaniyo inabala ana atatu mu 1964: Air Malawi, Zambia Airways ndi Air Rhodesia. Air Malawi inayamba ndi ndege zochepa za mtundu wa DC-3 ndi tina tating'ono ta mtundu wa Beaver, ndipo inadziimira payokha mu 1967 pamene kholo lija linkathetsedwa. Pang'onopang'ono inagula zina zazikulupo: Viscount, HS 748, kenako jeti ya BAC One-Eleven kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Chimene akuluakulu amakumbukirabe ndi VC10. Air Malawi inagula ndegeyi kwa British Caledonian mu 1974, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho inayamba kupita ku London, ku bwalo la Gatwick, itavala dzina la Malawi. Kusankha VC10 kunali ndi chifukwa. Angelezi anaipanga dala kuti izitha kunyamuka pa mabwalo a msewu waufupi, kumalo otentha ndi okwera, komwe mpweya ndi wopepuka ndipo ndege yolemera imafuna mtunda wautali isanadzuke. Msewu wa ndege wa pa Chileka ndi wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo pafupi pali mapiri. Choncho bwalo ndilo linasankhira kampani ndege yogula. Koma VC10 inali yomwa mafuta kwambiri, pa nthawi imene mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse, ndipo kampani yokhala ndi ndege imodzi yokha ya maulendo aatali ilibe kolowera ndegeyo ikadwala. Mu 1979 inaleka kuuluka. Inakakhala kwa kanthawi ku England, kenako inabwezedwa pa Chileka, pomwe inaima padzuwa ndi pamvula zaka zoposa 10 mpaka anaiphwasula.

Pa nthawi yomweyo kuno ku chigawo chapakati kunali kukugwa nkhalango. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo kabwalo kakale ka ku Lilongwe, kamene kali cha ku msewu wa Mchinji ndipo lero kali m'manja mwa asilikali, sikakanatha kulandira alendo a likulu. Boma linasankha chigwa cha ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa M1, malo athyathyathya okhala pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere. Ntchito inayamba mu 1977. Kampani ya ku America ya Nello L. Teer inagwira nawo ntchito yomangayo, ndipo ndalama zinali za ngongole yochokera ku dziko la Japan ndi ku African Development Bank. Amuna ambiri a ku Dowa anapeza ganyu kumeneko, ndipo tauni ya Lumbadzi, ndi nyumba zake zofanana zija zomangidwira antchito a pa bwalo, inakula chifukwa cha ntchito imeneyi. Bwalolo linatsegulidwa mu 1983, ndi msewu wa ndege wotalika makilomita oposa 3, wokwanira ndege iliyonse imene inkauluka masiku amenewo.

Ena ankati n'kuwononga ndalama kumanga chinthu chachikulu chotere m'dziko losauka. Ine sindigwirizana nawo. Dziko lathu lilibe doko. Bwaloli litangotsegulidwa, nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira mtunda wautali pa malole. Dziko lotsekeredwa chotero limafunika khomo limodzi loti wina sangalitseke ndi bomba pa mlatho. Cholakwika chinali pena. Maulendo akunja anasamukira ku Lumbadzi, koma Air Malawi inakhalabe ndi likulu lake ku Blantyre, ndipo amakaniko ake ndi nyumba yokonzera ndege zinali pa Chileka. Amalonda ambiri okwera ndege analinso ku Blantyre. Mwini khomo anamanga nyumba yatsopano, mnzake n'kumagonabe kwakale. Ndege yopita ku Ulaya inali itapita kale, moti mu 1985, pamene Dr Banda ankapita ku Britain pa ulendo wa boma, Air Malawi inachita kubwereka Boeing 747SP kwa South African Airways, n'kuipaka mitundu yathu, ulendo utatha n'kuibweza. Amene anadyerera msewu wautali uja anali alendo: British Airways yochokera ku London ndi KLM yochokera ku Amsterdam.

Ine ndinaliona koyamba bwaloli ndili pasukulu ya pulayimale, aphunzitsi atatitengera kumeneko pa lole. Tinadzuka kusanache, tinadutsa pa Dowa boma dzuwa likutuluka, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Anatikweza pakhonde lam'mwamba pomwe operekeza amaimirira, ndipo ndinagwira chitsulo cha khondelo ndi manja onse awiri. Chimene chinandigwira mtima si ndege yokha, koma anthu. Isanafike n'komwe, pansi panali pataima bambo wovala zotseka m'makutu, atagwira timatabwa tiwiri. Ndege itakhota kuchoka pa msewu wake, chimphona chonsecho chinkamvera manja a bamboyo. Iwo akakodola, chimasendera. Atapingasa timatabwato pamwamba pa mutu, chinaima nji. Pomwepo anyamata awiri anathamanga n'kuika zotchinga ku matayala, masitepe anakankhidwa, kathirakitala kanabwera kakukoka ngolo za katundu, galimoto ya mafuta inaima pansi pa phiko, ina ya chakudya inatukula bokosi lake mpaka pakhomo lam'mwamba. Chapatali galimoto yofiira ya ozimitsa moto inali chiimire, anthu ali m'kati, osachita kanthu koma kuyang'ana. Litangodutsa ola limodzi onsewo anabalalika, bambo aja anaimika chala chachikulu, ndege n'kumapita.

Nditakula ndinadziwa kuti anthu amene ndinawaona tsiku lija sanali a bwana mmodzi. Nyumba za pa bwaloli zimayang'aniridwa ndi Airport Developments Limited, kampani ya boma. Okankha masitepe, onyamula katundu ndi olemba anthu pa kauntala ndi a Lilongwe Handling Company, imene aliyense amangoitchula kuti LIHACO. Chakudya chimaphikidwa ndi Malawi Catering Services, ndipo katundu wamalonda amadutsa ku Air Cargo Malawi. M'nsanja mumakhala owongolera ndege, amene amalankhula ndi woyendetsa kuyambira ali kutali mpaka atazimitsa injini. Kulinso a zanyengo, a zolowa ndi kutuluka m'dziko, a msonkho a MRA, apolisi, azaumoyo. Pafupi pomwepo pali sukulu ya za ndege imene imaphunzitsa ena mwa antchitowa. Kampani ya ndege ilibe ulamuliro pa aliyense wa iwo, koma nthawi imene inalemba pa tikiti yanu ili m'manja mwawo.

Mgwirizano wake umayenda motere. Miyezi ingapo isanakwane, kampani imauza bwalo masiku ndi maola amene ikufuna kutera, ndi mtundu wa ndege imene ibwere. Mtundu wa ndege ndi nkhani yaikulu, chifukwa malamulo a bungwe la ICAO, limene linabadwa kuchokera ku pangano la ku Chicago la 1944, amati kukula kwa ndege kuzigwirizana ndi kuchuluka kwa magalimoto ozimitsa moto, madzi ndi mankhwala a thovu amene ali pa bwalo. Magalimoto akafa n'kuchepa pa chiwerengero chofunika, ndege yaikulu siyenera kutera, ngakhale msewu uli bwinobwino. Kampani imalipira potera, poimika ndege, ndi powongoleredwa mumlengalenga, ndipo wokwera aliyense amalipira msonkho wa bwalo umene umakhala m'kati mwa mtengo wa tikiti. Ndalama zimenezo ndizo ziyenera kugula mababu a m'mbali mwa msewu wa ndege, kutchetcha udzu kuti mbalame zisachuluke, kusoka mpanda, ndi kulipira amene amalondera usiku. Bwalo likakweza mitengo, makampani amathawa kapena kukweza matikiti. Likatsitsa kwambiri, mababu sagulidwa. Ndipo ku Lumbadzi kuli vuto lakelake: ndege zochokera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg zimakonda kufika motsatizana cha kumasana, chifukwa nthawi zawo amazikonzera ku mabwalo akuluakulu kumene okwera amasinthira ndege. Motero kwa maola ochepa anthu amathithikana pa mzere, kenako nyumba yonse imakhala zii. Zipangizo ndi antchito ziyenera kukwanira maola ochepa othithikanawo, koma malipiro ake ndi a tsiku lonse.

Zaka za m'ma 1990 zinayamba bwino. Mu 1991 Air Malawi inalandira Boeing 737-300 yatsopano imene anaitcha Kwacha, ndi ATR 42 imene anaitcha Shire, mayina amene ankasangalatsa munthu akawawerenga pa mphuno ya ndege m'dziko la eni. Boma la Bakili Muluzi litalowa, dzina la Kamuzu linachotsedwa ndipo bwalolo linatchedwa Lilongwe International Airport. Bingu wa Mutharika anadzabwezeretsa dzinalo. Koma pamene mayina ankasinthasintha, alendo a ku Ulaya anali kulongedza. KLM inaleka kubweretsa anthu, British Airways nayo inatsatira. Makampani aakulu anaona kuti n'kwapafupi kutula anthu onse pa bwalo limodzi lalikulu, monga Nairobi kapena Johannesburg, ndi kusiyira ndege zing'onozing'ono kuti ziwagawe. Kuyambira pamenepo Mmalawi wopita ku London amayenera kutsika kaye kwa eni. Msewu umene unamangidwira ndege za mainjini anayi unatsala ukulandira za mainjini awiri.

Air Malawi nayo inayamba kufooka. Kwa anansi athu Zambia Airways inali itagwa kale mu 1994, ndipo matenda ake anali omwewo: ndege zochepa, zokalamba, ngongole za mafuta ndi za zipangizo, ndi mwini wake boma amene alinso ndi zipatala ndi sukulu zofuna ndalama. M'zaka za m'ma 2000 boma linayesa kupeza woti agule gawo la kampaniyi. Linakambirana ndi South African Airways, kenako ndi Comair, koma zonse zinathera panjira. Ndege imodzi ikapita kokakonzedwa, ndandanda yonse inkasokonekera, ndipo wokwera akakhumudwa kawiri sabweranso kachitatu. Kampani yakwanu ikamadwala, bwalo nalo limaonda, pakuti ndiyo imene imagona pakhomo, kudzuka m'mawa ndi kubwerera madzulo, pomwe alendo amangotera n'kumapita. Mu Novembala 2012, mu ulamuliro wa Joyce Banda, boma linalengeza kuti Air Malawi ithetsedwa, ndipo mu Febuluwale 2013 inaleka kuuluka, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50. Anthu odziwa ntchito, oyendetsa ndege ndi amakaniko ophunzitsidwa ndi ndalama za dziko lino, ambiri anakapeza ntchito kunja.

Chimene chinabwera pambuyo pake ife Achewa tingachimvetse msanga, chifukwa ndi chikamwini. Mu 2013 boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines kukhazikitsa kampani yatsopano, Malawian Airlines, imene lero imatchedwa Malawi Airlines. Boma linatenga masheya 51 pa 100 alionse, Ethiopian n'kutenga 49. Mkamwini anabwera ndi khasu lake: ndege ya Boeing 737 ndi ina ya Q400, amisiri, maphunziro, ndi njira yogulitsira matikiti yolumikizana ndi dziko lonse kudzera ku Addis Ababa. Ndege yoyamba inauluka pa 31 Januwale 2014 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo pang'onopang'ono maulendo anafika ku Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi. Alipo amene zimawawawa kuti kampani yonyamula mbendera yathu imadalira akunja, ndipo ululu wawo ndimaumva. Ethiopian ili ndi maukwati ena otere, ku Lomé ndi kampani ya ASKY, ndi ku Lusaka ndi Zambia Airways yatsopano, ndipo n'zachidziwikire kuti imafuna okwera athu azidzera kwawo. Mkamwini aliyense amakumbuka kwawo. Funso la eni mudzi liyenera kukhala lakuti ana akuphunzira kulima kapena ayi, kuti tsiku lina munda usadzagonere. Koma chinthu chimodzi chinakonzeka chimene chinalakwika mu 1983: kampani yatsopanoyi inaika likulu lake ku Lilongwe, ndipo bwalo la ku Lumbadzi ndilo phata la maulendo ake. Patapita zaka 30, mwini khomo ndi woyenda maulendo anagona nyumba imodzi.

Nyumbayo nayo inali itakalamba. Dziko la Japan, limene linathandiza pomanga, linabweranso kudzera ku bungwe lake la JICA. Linaika mapanelo a dzuwa othandizira magetsi a pa bwalo, kenako linapereka ndalama, ulendo uno za mphatso, zokulitsira malo onyamukira ndi ofikira, kumanga malo apadera a maulendo a m'dziko momwemuno, ndi kuika rada yoti owongolera aziona ndege pa makina m'malo modalira mawu a woyendetsa okha. Ntchitoyo inatha mu 2019.

Chaka chomwecho Chileka inatiphunzitsa zimene zimachitika mbali imodzi ikagona. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake opita ku Blantyre, oyang'anira za ndege a ku South Africa atayendera bwalolo n'kupeza kuti mpanda unali woduladula ndipo zipangizo za ozimitsa moto ndi ambulansi zinali zosadalirika. Ndege zinali zabwinobwino, okwera analipo, matikiti anali atagulidwa, koma ulendo unalephereka chifukwa cha waya ndi galimoto. Zitakonzedwa maulendo anayambiranso. Nkhaniyi inaonetsanso vuto lina lakale. Kwa zaka zambiri nthambi ya boma ya za ndege ndiyo inkayendetsa ntchito zambiri za pa mabwalo, ndipo yomweyo ndiyo inkayenera kuona ngati ntchitozo zikuyenda bwino. Kwathu munthu sakhala nkhoswe ya ukwati wake womwe. Lamulo la za ndege la 2017 linatsegula njira yokhazikitsa bungwe loima palokha, Malawi Civil Aviation Authority, kuti pakhale nkhoswe yotha kudzudzula bwalo ndi kampani yomwe mosaopa. Ndimaona kuti lamulo limeneli n'lofunika kuposa nyumba yatsopano ija, ngakhale palibe amene angalijambule chithunzi.

Kenako anabwera mavuto amene sanali a bwalo kapena a kampani. Mliri wa Covid-19 unatseka maulendo akunja kuyambira pa 1 Epulo 2020, ndipo bwalo la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 Sepitembala. M'miyezi imeneyo kwathu kumwamba kunali chete, ndipo ovutika sanali okwera ndege okha. Oyendetsa matakisi, amayi ogulitsa zakudya pa Lumbadzi, alimi amene amagulitsa ndiwo zamasamba ndi mazira kwa antchito a pa bwalo, onsewo anamva kuwawa. Mliri utadutsa kunabwera kusowa kwa ndalama zakunja. Kampani ya ndege ikagulitsa tikiti m'makwacha, imafuna kusintha ndalamazo kukhala madola, chifukwa ngongole ya ndege, zipangizo ndi inshuwalansi zimalipiridwa m'madola. Mabanki akakhala opanda madola, ndalama za kampaniyo zimangokhala kuno, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimasungunuka zili m'banki. Makampani ena anafika poleka kugulitsa matikiti kuno kwa kanthawi. Apa m'pamene pamaonekera kuti banjali lili ndi wachitatu, amene amakhala ku Reserve Bank ndi ku Capital Hill, ndipo mawu ake amatha kutseka khomo limene mpanda wake uli wathunthu.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo lomweli kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Ku Mzuzu nyengo inali yoipa, ndipo sinathe kutera. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Sinali ndege ya kampani, koma masiku amenewo ku Nachisaka anthu amene sanapondepo pa bwalo la ndege ankafunsa mafunso enieni a za ndege: ndani amauza woyendetsa za mitambo ya kutsogolo, ndani amamuona ali m'njira, ndani amayamba kufunafuna akasowa. Inali nkhawa ya agogo anga yomwe ija, patatha zaka 50 chichitikire ngozi ya ku Francistown.

Anthu a m'boma la Dowa amadutsa pa bwaloli m'njira imene dziko siliiwerengera kawirikawiri. Ku Dzaleka, malo amene kale anali ndende ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa kwawo, kumakhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mabanja amene apatsidwa malo ku America, Canada kapena Australia amanyamukira ku Lumbadzi. Ndinawaonapo ali pa mzere, mayi ali ndi mwana kumbuyo, aliyense atagwira jumbo ya mapepala ake, wantchito wa pa kauntala akuwafotokozera modekha kuti chikwama chachikulu asachidandaule, akachipeza kumapeto kwa ulendo ngakhale asintha ndege kawiri. Lonjezo limenelo likukhudza makampani angapo ndi mabwalo a m'makontinenti atatu, ndipo kachikalata kamene amamata pa chikwama pa Lumbadzi ndi kamene kamayambitsa zonsezo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti a kwathu enieni sanapindulebe ndi khomo limeneli monga akanapindulira. Anyamata a ku Nachisaka akupitabe ku Joni monga agogo awo, koma iwo amakwera basi masiku awiri kapena atatu, kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge, pomwe ndege imafika m'maola osakwana atatu. Mtengo wa tikiti suwalola. Maiko a mu Africa anagwirizana kalekale, pa chigamulo cha ku Yamoussoukro cha 1999 komanso mu 2018 pokhazikitsa msika umodzi wa za ndege, kuti atsegulirane mlengalenga n'cholinga choti makampani achuluke ndipo mitengo itsike, koma kuchita kwake kukuchedwa. Nakonso ku minda, m'madimba a m'mapiri athu mumatuluka tomato, kabichi, anyezi, kachewere ndi nyemba zobiriwira chaka chonse. Ku Kenya mbewu zotere ndi maluwa zimathyoledwa lero, mawa zili m'misika ya ku Ulaya, chifukwa mlimi, mwini galimoto yozizira, bwalo la ku Nairobi ndi makampani a ndege anagwirizana pa ola limene katundu ayenera kufika. Kwathu tomato amatsetsereka m'mabasiketi pa njinga ndi pa matola kukafika pa Chezi, pa Dowa turn-off ndi pa Lumbadzi penipenipo, n'kuunjikidwa m'mbali mwa msewu, mtunda woyenda pansi kuchokera pa chipata cha bwalo. Kampani ya ndege siingabweretse ndege ya katundu popanda katundu wodalirika sabata iliyonse, ndipo mlimi sangalime za ku Ulaya popanda ndege yodalirika. Aliyense akudikira mnzake, ndipo amene angawakhazike pansi awiriwa ndi bwalo.

Chaka chatha tinaperekeza mwana wa mlongo wanga amene ankapita kusukulu ku Nairobi. Tinanyamuka m'bandakucha, anthu asanu ndi chikwama chimodzi. Mayi ake anali atamukazingira mtedza ndi kumumangira ufa pang'ono, ndipo pa sikelo zinapezeka kuti chikwama chalemera kupyola muyezo. Tinachitsegula pomwepo, pansi, n'kuyamba kusankha chotsala. Mtsikana wa pa kauntala anatidikira osatifulumiza, ndipo anauza mlongo wanga kuti, “Mayi, ufawo ungotsala, kumeneko aupeza, koma mtedzawu apite nawo.” Mwana atalowa m'kati sitinachoke. Tinaima mpaka tinaona bambo wa timatabwa tiwiri akutuluka, wamng'ono kwa ine tsopano, atavala chovala chowala, akuyang'ana pansi paliponse ngati pali kamwala kapena kachitsulo koti kangalowe mu injini. Anawerama kamodzi, natola kanthu, nakaika m'thumba.